Mphunzitsi Wobwera ndi Sutikesi Imodzi



Pa sukulu zakutali pali tsiku limodzi pamwezi limene ana amalidziwa popanda wowauza. Chitsulo chija chopachikidwa pa mtengo wa mango chimalira nthawi yake, ana amafola, amaimba nyimbo ya fuko, kenako amalowa m'makalasi. Koma ku Sitandade 3 kulibe munthu wamkulu. Ku Sitandade 5 monitala wanyamula kamtengo, akulemba maina a olongolola. Ahedi atsala okha ndi makalasi asanu, akungoyenda khomo ndi khomo kusiya ntchito pa bolodi. Mukafunsa mwana aliyense kuti aphunzitsi ali kuti, yankho limakhala limodzi: apita ku boma kukatenga malipiro.

Musafulumire kuwadzudzula. Tiyeni tiyambe tawatsatira pa ulendowo. Mphunzitsi wa ku Nthalire m'boma la Chitipa, kapena wa ku Makanjira m'boma la Mangochi, amadzuka nkhuku zisanalire kuti apeze matola. Ikakhala nyengo ya dzinja, matolawo sabwera, ndiye amakwera njinga yamoto ya kabaza, ndipo wakabaza akaona matope mtengo umakwera. Akafika pa boma amapeza mzere wa ku banki wadutsa kale pakhomo mpaka kumsewu, chifukwa apolisi, anamwino ndi alangizi a zaulimi nawonso alandira tsiku lomwelo. Dzuwa likupendeka mumamva kuti makina asiya kutulutsa ndalama. Agone kwa mnzake kapena ku resitihausi, mawa ayeserenso. Pobwerera wanyamula sopo, mchere, shuga, mafuta ophikira, ndi ndalama zimene zaperewera kale asanafike nazo pakhomo. Masiku ano Airtel Money ndi Mpamba zachepetsako maulendowa kumene netiweki imafika, n'zoona, koma ajenti wa pamsika wa kumudzi sasunga ndalama zokwanira malipiro a aphunzitsi asanu. Amangopukusa mutu n'kunena kuti bwerani Lachisanu.

Ndayamba ndi tsiku la malipiro chifukwa ndi pamene moyo wa mphunzitsi wotumizidwa kutali umaonekera poyera. Masiku ena onse umabisika kuseri kwa malaya osita bwino ndi mbaula ya makala.

Kodi tinafika bwanji pamenepa? M'chaka cha 1994 boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale. Ana amene anali pafupifupi 1.9 miliyoni anafika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Makalasi anasefukira mpaka pansi pa mitengo, ndipo boma linalemba ntchito aphunzitsi osaphunzira uphunzitsi pafupifupi 20,000, n'kuwapatsa maphunziro a masabata ochepa chabe. Ambiri a iwo anadzasulidwa pambuyo pake kudzera mu pulogalamu ya MIITEP. Kuyambira 2005 kunabwera IPTE, imene poyamba inali chaka chimodzi ku koleji ndi chaka china ku sukulu, kuphunzira ntchito uli m'kalasi. Makoleji a Karonga, Kasungu, Lilongwe, Blantyre, St Joseph's ku Dedza, ndi ena obwera pambuyo monga Machinga, Phalombe ndi Chiradzulu, akhala akutulutsa aphunzitsi chaka ndi chaka. Cholinga cha boma n'chakuti mphunzitsi mmodzi aziyang'anira ana 60. Koma pitani pa sukulu ya mkati mwa tauni, mukapeza aphunzitsi awiri kapena atatu akugawana kalasi imodzi, wina akuphunzitsa, anzake akuchonga makope pakhonde. Pitani makilomita makumi angapo kuseri kwa phiri, mukapeza mmodzi ali ndi ana opitirira 100, ang'onoang'ono a Sitandade 1, akhala pansi mothithikana ngati nyemba m'lichero. Aphunzitsi alipo m'dziko muno, ena mpaka amakhala pakhomo zaka akudikira kulembedwa ntchito. Vuto ndi kumene ali.

Ndiye boma limatumiza atsopano kumene kukuperewera, ndipo pa zimenezi ine sindikangana nalo. Mwana wa ku Ruarwe, kumene munthu umafikako pa bwato, pa Ilala kapena wapansi, ndi Mmalawi mofanana ndi mwana wa ku Area 18. Mwana wa pachilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa adzalemba mayeso a MANEB omwewo amene adzalembe mwana wa ku Namiwawa. Wina ayenera kupita kukamuphunzitsa. Funso langa ndi lakuti amapita ndani, amapeza chiyani, ndipo amabwerako liti.

Mlongo wanga wamng'ono anatsiriza koleji, nadikira pakhomo nthawi yaitali akugulitsa mandasi, kenako dzina lake linatuluka. Ife kwathu ndi kummwera, kumene mwana amakula akumva Chichewa ndi Chilomwe cha agogo. Iye anatumizidwa ku sukulu ina ya m'mapiri a kumpoto. Tinasangalala, tinapha nkhuku, amayi anavina. Tinamuperekeza ku depoti ndi sutikesi imodzi, mphasa, ndowa ndi timapoto tiwiri. Anayenda masiku awiri. Atafika, ahedi anamulandira bwino, n'kumuuza mwaulemu kuti nyumba za sukulu zilipo zitatu, aphunzitsi ndi asanu ndi awiri. Anamupezera kachipinda kwa gogo wina m'mudzi, ka denga la udzu, chitseko chotsekera ndi msomali wopinda. Usiku woyamba anandiimbira foni atakwera pachulu, chifukwa netiweki ya dera lonselo imapezeka pachulu chimenecho. Sanalire. Anangoti, "Achimwene, kuno anthu ndi abwino, koma sindikumva chimene akunena."

Nkhani ya chilankhulo timaipeputsa kwambiri ife a pakati ndi kummwera. Timaganiza kuti dziko lonse limadzuka m'mawa n'kupatsana moni m'Chichewa. Boma la Chitipa lokha lili ndi zilankhulo zambiri: Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chitumbuka ndi zina. Ku Karonga kuli Chinkhonde, ku Nkhata Bay Chitonga, ku Mangochi ndi Machinga Chiyao, ku chigwa cha Shire Chisena. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira, ndipo mabuku ophunzitsira kuwerenga m'makalasi oyamba ali m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Tsono taganizirani mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amene kwawo amalankhula Chindali chokha. Buku lili m'Chichewa chimene sachidziwa, ndipo madamu amene ali kutsogolo sadziwa Chindali. Mwanayo akafuna kupita kuseri alibe mawu opemphera. Aphunzitsi ambiri amathetsa vutoli mwa nzeru zawo: amasankha mwana mmodzi wochangamuka, mwina amene anakhalako ku tauni, kuti akhale womasulira. Mlongo wanga anaphunzira chilankhulo cha kumeneko kwa ana a Sitandade 2, iwo akumuseka akalakwitsa, iye akuwaphunzitsa a, e, i, o, u. Ku koleji palibe anamukonzekeretsa zimenezo.

Ena mwa inu akuluakulu mukuti, nanga bwanji aliyense asamaphunzitse kwawo? Njira imeneyo tinaiyesapo, ndipo inasiya mabala. M'chaka cha 1989 Kamuzu Banda analamula kuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo. Amene anakhudzidwa kwambiri anali ochokera kumpoto, omwe ankanenedwa kuti akuphunzitsa mwadala moperewera ana a zigawo zina. Anthu amene anakhala zaka zambiri ku Thyolo kapena ku Dowa, atakwatira komweko, ana awo akulankhula Chichewa chokha, anapakira katundu. Mabanja ena anagawikana, sukulu zina zinatsala zopanda aphunzitsi a masamu ndi sayansi. Amene anaona zimenezo ndi maso sangapemphe kuti zibwerere. Mphunzitsi wa ku Mzimba kuphunzitsa ku Nsanje, wa ku Mulanje kuphunzitsa ku Rumphi, ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene zimasoka dziko lino kuti likhale nsalu imodzi. Ambirife tinamva koyamba za kondowole kapena za mbalagha kuchokera kwa aphunzitsi athu.

Choncho mtunda pawokha si mlandu. Chimene chimafoola munthu ndi kukhala mlendo chaka ndi chaka osadziwa ngati amange kapena adikire.

Taonani mmene mlendo amakhalira m'mudzi. Aliyense womuzungulira ali ndi munda, ali ndi nkhokwe, ali ndi dimba. Iye yekha amagula chilichonse, kuyambira chimanga mpaka nkhuni, ndipo chifukwa amalandira pamwezi, mtengo wa kwa aphunzitsi umakhala wapadera. Amfumu akamukomera mtima amamubwereka kamunda, koma ndi kobwereka, sungabzalepo mtengo. Pakagwa maliro m'mudzi amayembekezeka kupepesa ndi ndalama yooneka, popeza ndi wapantchito. Ndiye amalembera anthu makalata, amawawerengera mapepala a kuchipatala, amasunga buku la banki m'khonde, amatsogolera kwaya, amaphunzitsa timu ya mpira. Mwana akadwala usiku makolo amagogoda kwa aphunzitsi kudzabwereka ya kabaza. Ulemu amampatsa ndithu, ndipo nyengo yokolola sagona ndi njala, amayi amabwera ndi maungu, mtedza ndi mbatata. Koma pa bwalo la milandu ya mudzi mawu ake salemera. Akalanga mwana wa munthu wodziwika, amakumbutsidwa msanga kuti iye ndi wobwera. Akale anati kwa eni kudyetsa nthanga, dzungu ukulifuna.

Ndiye pali kwawo kumene wasiya. Uthenga wa maliro a malume umamupeza pachulu paja madzulo, ndipo ngakhale anyamuke nthawi yomweyo adzafika anthu atabalalika kale kumanda. Ndalama ya ulendo umodzi wopita ndi kubwerera imatha kumeza gawo lalikulu la malipiro, ndiye amasankha: Khirisimasi kapena maliro, zonse ziwiri sizitheka. Kumudzi sazimvetsa zimenezi. Amati mwana wathu chiyambireni ntchito wasanduka mzungu. Pomwepo akumudikira kuti atumize ya feteleza, ya fizi ya mng'ono wake wa ku sekondale, ya mankhwala a amayi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya basi, sopo ndi shuga inalumpha nthawi imodzi, ndipo wakutali ndiye anamva kuwawa kawiri, pogula ndi poyenda. Apa ndi pamene wakatapila amalowera. Mphunzitsi wina khadi lake la ku banki limagona m'thumba la munthu amene anamukongoza. Tsiku la malipiro amapita onse awiri ku boma, mwini ndalama n'kumaima pambali ngati mwana woperekeza.

Za mabanja ndinene mosamala. Bambo ali ku Kasungu, mayi ali ku Phalombe, onse aphunzitsi, amaonana pa holide. Ana akuleredwa ndi agogo. Mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zingapo amakhala yekha m'nyumba yopanda magetsi, imene madzulo ake amayamba 6 koloko n'kutha m'mawa. Ena amapirira, ena amagwera m'kachasu, ena amayamba banja lachiwiri mwakachetechete. Ndipo alipo, tisabise, amene amaononga ana a sukulu omwe anapatsidwa kuti awasamale. Amenewo kusungulumwa sikuwachotsera mlandu, malo awo ndi kukhoti. Chimene chimandinyansa n'chakuti kwa nthawi yaitali wolakwa wotere ankangosamutsidwa kupita ku sukulu ya kutali kwambiri, ngati kuti ana a kumeneko ndi dzala lotayirako zinyalala.

Pamenepa ndi pamene pali mtima wa nkhani yanga. Tinalola kuti sukulu yakutali isanduke chilango. Wakangana ndi akuluakulu, mutumizeni kuthengo. Walakwa, mutumizeni kuthengo. Alibe wachibale ku ofesi, msiyeni komweko. Amene ali ndi msana amatuluka chaka chisanathe: kalata ya dokotala yonena kuti ayenera kukhala pafupi ndi chipatala chachikulu, setifiketi ya ukwati yoti atsatire amuna awo ku tauni, kapena foni imodzi yochokera kwa munthu wamkulu. Makalata ena ndi oona, ndipo mayi wofuna kukhala ndi banja lake sitingamuimbe mlandu. Ena aliyense m'sitafu amadziwa mmene anapezekera. Otsalawo amaona zonsezi. Amalemba kalata yopempha transifa, imadutsa kwa ahedi, kwa mlangizi wa sukulu za m'deralo (PEA) ku TDC, mpaka ku ofesi ya maphunziro ya boma, ndipo yankho limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti pezani wosinthana naye. Ndani wa ku Zomba angasinthane ndi munthu wa ku Makhanga, kumene madzi osefukira a mu Januwale 2015 anadula dera lonse, anthu n'kumapulumutsidwa ndi mabwato ndi ndege?

Ophunzira a IPTE ankalonjeza polowa koleji kuti adzagwira ntchito kumudzi zaka zisanu. Lonjezo labwino. Koma lonjezo limakhala ndi mbali ziwiri. Tsiku loyamba la zaka zisanuzo limalembedwa m'faelo. Tsiku lomaliza palibe amaliwerenga. Msilikali akatumizidwa kumalire amadziwa kuti gulu lina lidzabwera kudzamulandira. Mphunzitsi sadziwa. Ndipo munthu wosadziwa tsiku lobwerera amakhala ngati ali pa siteji ya basi: samasula katundu, samanga khola la nkhuku, maso ali kumsewu.

Boma linayesapo kunyengerera ndi ndalama. M'chaka cha 2010 kunayamba alawansi ya aphunzitsi a kumudzi ya K5,000 pamwezi, imene pambuyo pake inakwera kufika K10,000. Inapangidwira ochepa amene ali kutali kwenikweni. Koma mawu oti kumudzi ndi otakata ngati chitenje. Sukulu za m'mphepete mwa msewu wa tala zinati nafenso tili kumudzi, za pa ma trading centre okhala ndi magetsi ndi mipopi zinati nafenso, ndipo mapeto ake aphunzitsi ambiri a m'dziko muno ankailandira. Wa pa Lunzu ndi wa kuseri kwa mapiri a Misuku n'kumalandira yofanana. Ndalama yoti ikope munthu kupita kutali inasanduka kanthu kongowonjezera pa malipiro a aliyense, ndipo kukwera kwa mitengo kunadya kotsalako. Pambuyo pake panakhala kuyesa kugawa sukulu molingana ndi kutalika kwake kwenikweni, kuyang'ana msewu, magetsi, chipatala ndi mtunda wofika pa msika, kuti wakutalitali alandire zochuluka. Nzeru imeneyo ndi yolondola, bola isadzatambasulidwenso ngati chitenje chija. Kunalinso maphunziro a ODL amene anayamba mu 2010, otenga achinyamata a m'madera omwewo kuti aphunzire uphunzitsi akugwira ntchito pafupi ndi kwawo. Munthu wotere chilankhulo amachidziwa, munda ali nawo, maliro a kwawo amafikako wapansi.

Ine ndikanakhala ndi mpando ku Capital Hill, ndikanayamba ndi zinthu ziwiri zosafuna msonkhano wa ku nyanja. Choyamba, tsiku. Kalata yotumiza mphunzitsi kutali izinena chaka chimene adzakhale ndi ufulu wosankha kumene akufuna, ndipo chakacho chikakwana asafunsidwe za wosinthana naye. Wotumikira kutali azikhala patsogolo pokwezedwa, m'malo mokalamba pa giredi ya PT4 anzake a pafupi ndi maofesi akudutsa. Chachiwiri, nyumba. Timakonda kumanga midadada ya makalasi chifukwa imaoneka bwino pa chithunzi tsiku lodula riboni. Makolo amaumba njerwa, amatuta mchenga, komiti ya sukulu imayendetsa ntchito, koma nyumba ya mphunzitsi imabwera kumapeto ngati ndalama zatsala. Mphunzitsi wamkazi sangakhale kumene chitseko chimatsekedwa ndi msomali wopinda, ndipo sukulu yopanda mphunzitsi wamkazi ndi sukulu imene mtsikana wa Sitandade 6 alibe womuuza zakukhosi. Amayi a Mother Group amayesetsa, koma mtsikana amafunanso kuona ndi maso ake mkazi amene sukulu inamufikitsa penapake.

Ndisanamalize ndinene za ena amene nkhani ngati ino imawaiwala. Alipo aphunzitsi amene anapita kutali akulira, lero ukawauza za transifa amakuseka. Anakwatira komweko, amfumu anawapatsa malo, ali ndi ng'ombe, chilankhulo amachilankhula mpaka miyambi yake. Theka la mudzi linadutsa m'manja mwawo, ndipo namwino wa pa chipatala chaching'ono cha m'deralo amawagwadira powapatsa moni. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, sukulu zambiri za kummwera zitasanduka misasa, aphunzitsi ngati amenewa ndiwo ankalemba maina a othawa madzi m'makope a ana, ena nyumba zawo zomwe zitagwa. Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Awa anakana kukamuka. Koma anasankha okha kukhala, ndipo kukhala kosankha n'kosiyana ndi kukhala koiwalidwa.

Mlongo wanga uja tsopano ali m'chaka chake chachisanu ndi chimodzi kumapiri kuja. Anasamukira m'nyumba ya sukulu mnzake wina atapeza kalata ya dokotala. Chilankhulo amachilankhula moti akabwera kwathu pa Khirisimasi amasakaniza, amayi n'kumamuyang'ana modabwa. Makalata opempha transifa walemba atatu, ndipo makope ake amawasunga mu sutikesi yomwe ija, imene mpaka lero ili pamwamba pa mpando, zovala zina sanazitulutsemo. Sabata yatha anandiimbira ali pachulu. Anati kwabwera mphunzitsi watsopano, mnyamata wa ku Ntcheu, ndipo tsiku lake loyamba kamtsikana ka Sitandade 4 kanakweza dzanja n'kumufunsa kuti, "Aphunzitsi, inu mukhala mpaka liti?" Ndinamufunsa kuti nanga mnyamatayo anayankha chiyani. Ndinangomva mphepo ya pachulu, kenako foni inaduka.